Mtengo umene chiswe chakana, ife tikuphikira nsima

Chiswe sichidapiteko kusukulu, koma chimaudziwa mtengo woyenera kuulambalala. Yendani m'mapulazi a ku Mashonaland, kuchokera ku Karoi ndi Tengwe, kudzera ku Banket ndi Trelawney, kukafika ku Mvurwi, Bindura ndi Marondera, mudzaona mizati ya bulugamu imene yaima m'nthaka zaka makumi awiri chiswe osaikhudza, pamene mtengo wamba wodulidwa tsiku lomwelo udagwa kalekale. Ina ndi ya mpanda wa waya, ina ya makola a ng'ombe, ina ya mashedi osankhiramo fodya, ina ikunyamula mawaya a magetsi. Mizati imeneyi idamwetsedwa chiphe, ndipo chiphecho chimakhala chikadali m'kati mwake ngakhale pa tsiku limene yathyoka, yazulidwa, n'kuponyedwa kuseri kwa shedi. Pa tsiku limenelo mzati umasiya kukhala katundu wa bwana, n'kusanduka nkhuni za m'komboni.

Mlandu umene ndabwera nawo ndi uwu. M'dziko la Zimbabwe muli malamulo ndi ziphaso zoyang'anira mankhwala oopsa, ndipo ena mwa malamulowo ndi olembedwa bwino ndithu. Koma maso ake amathera pa mgolo. Mankhwala akangotuluka mu mgolo n'kulowa mu mtengo, amene amawalondola amasowa, ndipo munthu wotsiriza kuwagwira, kuwapuma ndi kuwadya ndinu amayi ndi abambo a m'makomboni, amene dzina lanu silipezeka pa chiphaso chilichonse.

Mankhwala aakulu otetezera mitengo m'chigawo chino cha Africa ndi awiri. Oyamba ndi creosote, mafuta akuda onunkha ngati phula la pamsewu, amene amachokera ku malasha. Ndiwo amadetsa mitengo ya magetsi ndi matabwa ochindikala oyala pansi pa njanji, ndipo dzuwa la Okutobala likaswa mtengo mumawaona akutsika pa mzati ngati thukuta. Aliyense amene adapakapo mafutawa pa khola akudziwa mmene khungu limaotchera akatuluka padzuwa, nkhope ndi khosi kufiira ngati wapsa ndi madzi otentha. Bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, lidaika creosote m'gulu la zinthu zimene umboni ukulozera kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Izi si zachilendo kwa madokotala. Kale mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, adaona kuti anthu amene adakula akusesa mwaye m'machumuni ankadwala khansa ya pakhungu la kumaliseche. Mwaye wa malasha ndi creosote ndi pachibale.

Achiwiri amatchedwa CCA, ndipo ndi amene ndikuwaopa kwambiri chifukwa sanunkha. Muli zinthu zitatu: kopa, amene amapha nkhungu zowoletsa mtengo, arsenic, amene amapha chiswe ndi tizilombo tofumbwitsa, ndi chromium, amene amamatiza ziwirizo ku mtengo kuti mvula isazitsuke msanga. Ku fakitale mizati imalowetsedwa mu thanki yaitali yachitsulo, chitseko chimatsekedwa, mpweya umapopedwa kunja, ndipo mankhwala amakankhidwira m'kati mwa mtengo ndi mphamvu ya makina. Mzati ukamatuluka umakhala wobiriwira pang'ono. Pakapita zaka zingapo za dzuwa ndi mvula, kubiriwirako kumazilala, mzati n'kutuwa ngati mtengo wouma wina uliwonse. Arsenic ali m'gulu loyambirira la IARC, la zinthu zimene palibenso chikaiko kuti zimayambitsa khansa: ya pakhungu, ya m'mapapo, ya m'chikhodzodzo.

Tsono mvetsetsani apa, makolo anga, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Arsenic sapsa. Moto umadya mtengo, koma arsenic, kopa ndi chromium sungazidye. Gawo lina la arsenic limakwera ndi utsi, n'kulowa m'chifuwa cha mayi amene wawerama kukoleza moto ndi cha mwana amene ali kumbuyo kwake. Lotsala limakhala m'phulusa. Chiphe chimene chidamwazikana mu mzati wautali mamita awiri chimasonkhana m'phulusa lodzaza mbale imodzi. Madokotala a ziweto m'maiko ambiri adalembapo za ng'ombe zimene zidafa zitanyambita phulusa lotere, pakuti limakoma mchere ndipo ziweto zimalithamangira.

Amene adalemba malamulo a mankhwalawa ku Ulaya ndi ku America ankaganiza za munthu amene amawola phulusa n'kukataya. Sankatidziwa ife. Kwa ife phulusa si chinyalala. Ndilo sopo wotsukira miphika ndi mbale pamene mwezi uli pakati ndalama itatha. Ndilo timathira mu nyemba ndi khobwe kuti zisafumbwe, timawaza pa mbatata yokwirira, timathira m'dimba pa mpiru ndi tomato, timamwaza m'khola la nkhuku. Koposa zonse, ndilo timachezera chidulo. Mayi aliyense wodziwa kuphika adzakuuzani kuti chidulo chabwino chimachokera ku zitsononkho kapena ku masangwe a mtedza, ndipo n'zoona. Koma zitsononkhozo amaziotchera kuti? Pa mafuwa omwewo pamene dzulo padayaka chidutswa cha mzati wa mpanda. Ndipo soda akasowa, zitsononkho zitatha, ndi angati amangotapa phulusa limene lilipo? Kucheza chidulo ndi kudontheza madzi m'phulusa kuti atenge zimene zasungunuka, n'kuthira madziwo mu therere kapena m'chigwada. Katswiri wa mankhwala atafunsidwa njira yachidule yochotsera arsenic m'phulusa kuti alowe m'mimba mwa munthu, sindikhulupirira kuti angapeze ina yoposa imeneyi.

Onjezanipo moto wa pamaliro. Usiku wa Juni kapena Julayi, chisanu cha ku Marondera chitalusa, abambo amachezera panja mozungulira zipika, ndipo chipika chabwino ndi chimene chikhalitse mpaka mbandakucha. Mzati wakale wa pakona ya mpanda ndi woyenera kwambiri ntchito imeneyo. Anthu makumi atatu amapuma utsi wake usiku wonse, ena akuwotcherapo chimanga ndi mbatata.

Wina anganene kuti ndikuopseza anthu ndi zinthu zongoganizira. Mu 1984 magazini ya madokotala a ku America yotchedwa JAMA idasindikiza nkhani ya banja la anthu asanu ndi atatu la kumudzi ku Wisconsin, limene linkaotha zidutswa za matabwa a CCA m'mbaula ya m'nyumba. Nyengo yozizira iliyonse banjalo linkadwala: kutuluka magazi m'mphuno, zotupa pakhungu, kuthothoka tsitsi, ana ena kukomoka. Padatenga nthawi kuti madokotala azindikire kuti mdani ali m'mbaula. Kufupi ndi kuno, ofufuza a University of Cape Town adalengeza mu 2013 kuti adapeza matabwa a CCA m'milu ya nkhuni za anthu ophika zakudya zogulitsa m'misewu ya m'dera la Cape Town. Ngati zidatenga nthawi ku America, kumene dokotala angayeze tsitsi ndi mkodzo, nanga pa kiliniki ya kufupi ndi pulazi, pamene namwino mmodzi akuona anthu ambirimbiri pa tsiku? Mutu, kutsegula m'mimba, dzanzi m'mapazi, zikhatho zokhakhala, madontho akuda pakhungu: zonsezi zimalandira panado, ndipo kumudzi zimalandira dzina la mfiti. Anthu angati adadana ndi anansi awo chifukwa cha matenda amene adachokera pa mafuwa?

Pali mwambi umene mabwana ndi akapitawo angakonde kutiponyera pa nkhaniyi, wakuti Safunsa adadya phula. Ndiukana. Safunsa wa m'mwambi adali ndi womufunsa, n'kusankha kukhala chete. Mayi wa m'komboni afunse ndani, ndipo afunsa chiyani, poti mzati ulibe chizindikiro, sununkha, ndipo amene wamulozera muluwo ndi kapitawo yemwe? Komanso sawotcha mizati chifukwa choikonda. Nkhuni zidasowa. Fodya wa m'mabalani amadya mitengo, ndipo mu 2023 dziko lino lidagulitsa fodya wokwana makilogalamu 296 miliyoni, wochuluka mwa iye wochokera m'zigawo zitatu za Mashonaland. Misasa ndi mitondo imene inkazungulira makomboni idathera m'ng'anjo za mabalani. Lamulo la Statutory Instrument 116 la 2012 lidakhwimitsa kudula, kunyamula ndi kugulitsa nkhuni popanda chilolezo, ndipo pofuna kuteteza nkhalango lamulolo lili ndi nzeru. Koma taonani zotsatira zake kwa munthu wosauka: akagwidwa ndi mtolo wa msasa ali pa mlandu, akawotcha mzati wa arsenic palibe amene amufunse. Makomboni ambiri alibe magetsi, ngakhale mawaya amadutsa pamwamba pa madenga ake kupita ku mapampu a madzi. Chiyambire kugawidwa kwa malo mu 2000, mipanda yambiri ya mapulazi akale idazulidwa, ndipo mizati yake siidapite ku dzala lililonse lovomerezeka. Tonse tikudziwa kumene idapita.

Tiyeni tione malamulowo. Mankhwala ophera tizilombo amalembetsedwa ku unduna wa zaulimi potsata Fertilizers, Farm Feeds and Remedies Act ndi Statutory Instrument 144 ya 2012. Ndi kumeneko kumachokera zizindikiro za ngodya zitatu zimene mumaziona pa zigubu: chobiriwira, cha mtundu wa lalanje, chofiira, ndi chapepo chimene chimatanthauza chiphe choopsa kuposa zonse. Bungwe la Environmental Management Agency, limene ambiri mumalidziwa kuti EMA, limapereka ziphaso kwa oitanitsa, onyamula, osunga ndi ogulitsa zinthu zoopsa potsata Environmental Management Act ya 2002 ndi Statutory Instrument 268 ya 2018. Bungwe la NSSA limayang'anira chitetezo cha pantchito ndi chipukuta misozi cha ovulala. Standards Association of Zimbabwe imalemba miyezo ya katundu. Forestry Commission imayang'anira mitengo. Maofesi asanu, aliyense ndi chidindo chake ndi ndalama yake yolipira. Tsono funsani kuti ndi ofesi iti mwa imeneyi imene mzati wothyoka wa kuseri kwa shedi uli m'manja mwake. Wa zaulimi adzati mankhwala adalembetsedwa. Wa EMA adzati fakitale ili ndi chiphaso. Wa nkhalango adzati mtengowo udadulidwa mwalamulo m'minda ya mitengo ya ku Manicaland. Wa NSSA adzati kuphika nsima kunyumba si ngozi ya pantchito. Aliyense wanena zoona, ndipo mwana akudya therere la arsenic.

Chiphaso chotere chimateteza malonda. Chimatsimikizira wogula kuti mzati wake sudzafumbwa, chimatsimikizira fakitale kuti siidzatsekedwa, ndipo boma limatolerapo ndalama. Kuti mudziwe kuti luso loyeza ndi kulondola mankhwala lilipo m'dziko muno, taonani mmene tsamba la fodya limasamalidwira. Tobacco Research Board ku Kutsaga imayesa ndi kuvomereza mankhwala amene angathiridwe pa fodya, ndipo ogula akunja amakana tsamba limene lapezeka ndi mankhwala opitirira muyezo. Nsawawa ndi zipatso zopita ku masitolo a ku Ulaya zimalondoledwa kuchokera pa mzere umene zidathyoledwa. Tsamba limayezedwa. Nanga mwa inu amene mwasankha tsambalo zaka makumi awiri, ndi angati adayezedwapo magazi kapena mkodzo ndi ndalama za pulazi? Mu Epulo 2018 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lotchedwa A Bitter Harvest, litacheza ndi alimi ang'onoang'ono ndi antchito 125 a m'minda ya fodya ya ku Mashonaland ndi Manicaland. Lidapeza anthu, ena mwa iwo ana, akugwira mankhwala popanda zodzitetezera zokwanira ndiponso osauzidwa bwino za kuopsa kwake. Amenewo ndi mankhwala okhala ndi chizindikiro pa chigubu. Mzati ulibe n'chigubu chomwe.

Maiko ena adawatembenukira kale mankhwalawa. Ku America, makampani atagwirizana ndi boma adasiya kuthira CCA m'matabwa omangira pakhomo ndi pamalo osewerera ana pofika pa 31 Disembala 2003. Maiko a European Union adaletsa matabwa a arsenic m'nyumba zokhalamo anthu mu 2004, ndipo chaka chimodzi izi zisanachitike adali ataletsa kale kugulitsa creosote kwa anthu wamba. Kuyambira pa 30 Epulo 2023 mtengo wa creosote kumeneko umaloledwa pa njanji ndi pa mizati ya magetsi ndi ya matelefoni basi. Wa mpanda wa pulazi adauchotsa pa mndandanda. Koma chimene ndifuna muchione ndi lamulo lawo la nambala 528 la 2012, limene lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2013. Lamuloli limayang'anira mankhwala otetezera matabwa, zikopa, nsalu, mphira, utoto ndi zina zotero, ndipo lidaonjeza mfundo imene ife tikuisowa: katundu wothiridwa mankhwala nayenso ali pansi pa lamulo. Wogulitsa akanena kuti katundu wake ndi wotetezedwa ku tizilombo, ayenera kulemba dzina la mankhwalawo pa katunduyo, ndipo wogula akafunsa, ayenera kuyankhidwa kwaulere pasanathe masiku 45. Sindikunena kuti zonse za ku Ulaya tizimeze. Ngakhale ku South Africa kuno, wothira mankhwala m'matabwa amakakamizidwa kulembetsa ku bungwe la boma la NRCS, ndipo mzati umatuluka ndi chizindikiro chosonyeza fakitale imene idauthira ndi ntchito imene ungagwire. Chizindikiro chimenecho adachipangira womanga, ndipo wophika sichimuuza kanthu. Komabe ndi poyambira, chifukwa mzati wokhala ndi dzina uli ndi mwini woti ayankhe.

Dziko la Zimbabwe silingadzikhululukire ponena kuti silidadziwe. Mu 1998 lidavomereza Mgwirizano 170 wa International Labour Organization wonena za mankhwala pa malo a ntchito. Mgwirizanowu umakhudza ntchito za mtundu uliwonse, ulimi womwe. Umalamula kuti mankhwala akhale ndi chizindikiro chomveka kwa antchito, kuti olemba ntchito aphunzitse antchito awo kuopsa kwake, ndiponso kuti wantchito ali ndi ufulu wochoka pamalo pamene akuona kuti moyo wake uli pa chiopsezo chachikulu, popanda kulangidwa. Maloya a mabwana adzathamangira ku chiganizo chimodzi cha kumayambiriro, chimene chimapatula katundu amene saika wantchito pa chiopsezo akamagwiritsidwa ntchito mwa nthawi zonse kapena m'njira imene munthu wanzeru angaiyembekezere. Chiganizo chimenecho chili kumbali yathu. Pa pulazi lopanda magetsi m'komboni, pamene nkhalango idatha ndipo malipiro sakwana kugula gasi, kodi pali munthu wanzeru amene sangayembekezere kuti mzati wothyoka ukathera pamoto?

Nkhani ya chilankhulo ndiyo imandipweteka mtima kwambiri. Gawo 6 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo choyamba pa mndandandawo ndi Chichewa. Ndani mwa inu adaonapo chenjezo la mankhwala lolembedwa m'Chichewa pa chigubu, pa thumba, kapena pa khoma la sitolo ya pulazi? Kuopsa kwa chenjezo la m'chilankhulo chachilendo kudaoneka ku Iraq mu 1971 ndi 1972. Boma la kumeneko lidaitanitsa mbewu ya tirigu yothiridwa mankhwala a mercury, yopakidwa utoto wofiira, machenjezo ake ali m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi. Alimi adatsuka utotowo, n'kuganiza kuti chiphe chapita ndi madzi, n'kuphika buledi. Anthu 6,530 adagonekedwa m'zipatala ndipo 459 adafera momwemo. Mbewu ya chimanga ya masiku ano ilibe mercury, koma ndi yothiridwa mankhwala ena, ndipo kutsuka utoto sikuisandutsa chakudya. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa zimene njala imachititsa. Mbewuyo idali ndi chilolezo chonse. Chimene chidasowa ndi mawu ochepa m'chilankhulo cha amene adaigwira.

Kusawerengedwa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Agogo athu adabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi mthandizi. Adapeza lamulo la Masters and Servants la 1901, limene lidaika wantchito wa pa pulazi ndi wa m'nyumba pansi pa chifuniro cha bwana, ndipo lidakhalapo mpaka cha ku ufulu wa 1980. Katswiri wina, Blair Rutherford, amene adafufuza m'mapulazi a ku Hurungwe n'kulemba buku la Working on the Margins mu 2001, adaonetsa kuti pulazi linkayendetsedwa ngati khomo la munthu, boma n'kumaima pa geti. Eni mapulazi ambiri adasintha kuchokera mu 2000, koma chizolowezi choti za m'komboni ndi za bwana sichidasinthe. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudasiya ana ndi adzukulu a anthu amenewa ali opanda kwawo, ndipo lipoti la Amnesty International la Epulo 2021 lidaonetsa kuti ambiri akadali opanda chitupa cha kubadwa ngakhale chiphaso cha unzika. Munthu amene amaopa kufunsidwa chitupa sapita ku ofesi ya boma kukadandaula za phulusa. Dziwani tsono kuti gawo 43 la malamulo a 2013 limati wobadwira muno malamulowa asanakhazikitsidwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye n'kukhala akukhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndipo ngakhale mulibe chikalata chilichonse, gawo 65 lonena za ntchito yachilungamo ndi yotetezeka, ndi gawo 73 lonena za malo osaononga thanzi, amapereka ufuluwo kwa munthu aliyense, osati nzika zokha. Gawo 62 limapita patsogolo: munthu aliyense ali ndi ufulu wopatsidwa uthenga umene uli m'manja mwa munthu wina aliyense, ngati uthengawo ukufunika poteteza ufulu wake. Kufunsa bwana dzina la mankhwala amene ali mu mzati si chipongwe, ndi lamulo.

Inu antchito a m'nyumba ndi a m'maluwa ku Chinhoyi, Bindura ndi Harare, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumapulazi kokha. Ndinu amene mumapatsidwa chitini cha mafuta akuda ndi burashi kuti mupake mpanda, khola la nkhuku kapena mizati ya chisakasa cha udzu, opanda magolovesi, dzuwa lili paliwombo. Ndinu amene mumachapa ovolosi yonona mafutawo ndi manja. Ndinu amene mumapatsidwa zidutswa za matabwa amisiri akamaliza kumanga, n'kuthokoza ndi manja awiri. Ndipo thumba la chipukuta misozi la NSSA silikhudza antchito a m'nyumba za anthu. Ngakhale kwa wa pa pulazi amene thumbalo limamukhudza, khansa ya arsenic imaonekera patapita zaka zambiri, munthu atasintha mapulazi anayi, akugwira mgwazo wa nyengo wopanda kalata. Adzalozera bwana uti?

Eni mapulazi ali ndi yankho, ndipo mbali ina ya yankholo ndi yoona. Adzati mzati wothiridwa mankhwala umapulumutsa nkhalango, chifukwa umodzi umagwira ntchito ya mizati isanu kapena isanu ndi umodzi imene ikadadulidwa. Adzati mankhwala atsopano opanda arsenic, a kopa wosakaniza ndi zina, ndi okwera mtengo, ndipo mlimi wa A1 amene akuvutika kubweza ngongole ya kampani ya fodya sangawakwanitse. Ndikuvomera kuti mzati wa CCA umene waima chilili kumalire kwa munda suvulaza munthu wodutsa, ndipo sindikupempha kuti mipanda yonse ya ku Mashonaland izulidwe mawa. Koma kutsika mtengo kwa CCA n'kwa bodza. Ndi wotsika chifukwa mtengo wa kutaya mzati wakale mosamala sudawerengeredwe, ndipo sudawerengeredwe chifukwa pali anthu amene amautaya kwaulere, m'mapapo ndi m'mimba mwawo. Mlimi wa A1 nayenso amaphika pa mafuwa, ndipo ana ake amadya therere lomwelo.

Chimene tiyenera kufuna kwa EMA ndi unduna wa zaulimi n'chakuti chiphaso cha wothira mankhwala m'mitengo chizilondola mzati mpaka kumanda kwake. Mzati uliwonse uzituluka ndi kachitsulo kokhomedwa, kosachoka ndi mvula, kokhala ndi dzina la fakitale, dzina la mankhwala, chithunzi cha moto wodulidwa ndi mzere, ndi mawu awiri kapena atatu m'Chishona, m'Chichewa ndi m'Chindebele. Fakitale imene yagulitsa mizati ikhale ndi udindo wolandira yakale, ndipo kukonzanso chiphaso chake chaka ndi chaka kudalire zimenezo. Anthu amene amaviika mizati m'migolo ya oyilo wakutha wosakaniza ndi creosote m'mphepete mwa msewu, dothi lonse lozungulira litada bii, nawonso alowe m'kaundula, pakuti anyamata amene amawalemba ganyu ndi ana athu omwe. Mitengo ya arsenic ndi creosote isamangire nyumba za m'komboni, nkhokwe, thandala la mbale kapena benchi ya sukulu ya mkaka.

Pamene tikudikira maofesi, pali zimene zili m'manja mwathu. Mtengo uliwonse umene udakhalapo mzati wa mpanda, wa khola, wa shedi kapena wa magetsi muutenge ngati wothiridwa mankhwala, ngakhale utatuwa chotani. Mukaudula nthawi zina mumaona mkombero wobiriwira kapena wakuda cha kukhungwa, koma kusaoneka kwa mkomberowo si umboni woti ndi wabwino. Ngati mudawotchapo kale, wolani phulusa lonse osaligwira ndi manja, mulikwirire mozama kutali ndi chitsime, dimba ndi ziweto. Zitsononkho za chidulo muziotchere pa chitsulo kapena phale lapadera. Mukapita ku kiliniki ndi dzanzi, zilonda zosapola kapena madontho pakhungu, muuzeni namwino nkhuni zimene mumaphikira ndi mankhwala amene mumagwira, ndipo mupemphe kuti alembe m'buku lanu la chipatala, chifukwa buku limenelo lingadzakhale umboni wokhawo umene mudzakhale nawo.

Komiti ya antchito pa pulazi lililonse ilembe kalata kwa bwana yofunsa dzina la mankhwala amene ali m'mizati yake ndi kumene yakale imapita, isunge kope lake, ndipo ina ipite ku ofesi ya GAPWUZ ndi ku ofesi ya EMA ya m'boma lanu. Mgwirizano wa malipiro wa National Employment Council ya zaulimi uli ndi kandalama ka nkhuni ndi ka zounikira kwa wantchito amene bwana samupatsa zinthuzi. Ndamva m'makomboni angapo kuti wantchito akafunsa kandalamako amalozeredwa mulu wa mizati yakale, amvekere nkhuni si izo. Atsogoleri a GAPWUZ akadzakhalanso pa tebulo la zokambirana, aumirire kuti mu mgwirizanowo mulembedwe poyera kuti mtengo wothiridwa mankhwala suwerengedwa ngati nkhuni, ndipo bwana amene waupereka m'malo mwa nkhuni abweze kandalamako konse kuyambira mwezi umene adayamba kutero.